Ntchito ya ma lingon kuno ku Umeå, momwe ikuyendera

Loweruka, 24 Ogasiti

Ndayamba kulemba izi chifukwa mutu wangawu ndimaudziwa, pofika chaka chamawa ndidzakhala nditaiwala kuti ndinathira shuga wochuluka bwanji ndiye ndidzayambirenso kupusa komweko. Nkhani yake ndi ya ma lingon. Kwa amene simunawaonepo, ndi tizipatso tofiira, kukula kwake ngati nandolo, timamera pansi penipeni m'nkhalango za paini kuno ku Sweden, kamtengo kake sikafika ndi m'bondo momwe. Ku Norway amati tyttebær, ku Finland puolukka, dzina la m'mabuku ndi Vaccinium vitis-idaea. Ukatafuna kamodzi kosaphika nkhope imachita kukwinyika yokha, kuwawasa kwake ngati bwemba wosapsa kenako kumapeto kukhala kakuwawa pang'ono pakhosi.

Amene wandilowetsa mu zimenezi ndi mwana. Chiyambireni sukulu, kumene amadya nkhomaliro yaulere ngati ana onse kuno, akabwera kunyumba nyimbo ndi imodzi, amama lingonsylt, amama lingonsylt, ndiye kuti jamu wa ma lingon. Pa phala akufuna, pa mbatatesi akufuna, tsiku lina anafuna kuthira pa nsima ndi nkhuku ine ndinachita kumulanda supuni. Shuga mu ndiwo? Kwathu ku Dedza munthu wochita zimenezo amamuyang'ana kawiri. Botolo la mushopu likutha sabata imodzi, ndipo nditalawa ndinaona kuti ndi shuga yekhayekha wopaka utoto. Ndiye agogo a pansi pathu, mayi wachikulire wachi Sweden amene timagawana naye chipinda chochapira zovala, atamva ndikudandaula anangoseka, akuti ukugula chinthu chimene chikuwolera m'tchire kuseri kwa nyumba yako? Dikira sabata imodzi zipse bwino.

Ndagula chida chake lero, amati bärplockare. Chili ngati kabokosi kapulasitiki kokhala ndi chogwirira pamwamba, kutsogolo kuli mano ngati chipeso. Ndowa ndili nazo kale ziwiri za malita 10.

Loweruka, 31 Ogasiti

Ulendo woyamba. Tinapita pa njinga kudutsa nyanja ya Nydalasjön, ine, mwana ndi agogo aja, akunyumba anakana akuti ali ndi zolemba za kusukulu, koma ine ndikudziwa kuti ndi mantha a chimbalangondo kkkk.

Chinthu choyamba chimene chinandivuta si msana ayi, ndi mtima. Tangolowa m'nkhalango ine kufunsa kuti kodi mwini wake ndani, tapempha? Agogo akuti nkhalangoyi ili ndi mwini wake inde koma zipatso ndi za aliyense. Ndi ufulu umene amautcha allemansrätten, unalowa mpaka m'malamulo akuluakulu a dziko mu 1994, munthu ukhoza kuyenda, kuthyola zipatso ndi kuzula bowa pa malo a wina bola usafike pakhomo pake, usaponde mbewu zake, usathyole mitengo. Ine kumva ndinamva koma thupi silinamve, ola lonse loyamba ndimangocheuka kudikira munthu atulukire ndi chikwanje kuti mukutani m'munda mwanga. Amene munathamangitsidwapo pa mango a eni mukundimvetsa.

Nkhalango yake fungo ndi la ku Chikangawa ndithu, utomoni wa paini, koma pansi m'malo mwa udzu pali ndere zofewa ngati matiresi, phazi limachita kulowa. Ma lingon amakonda pouma, pamene dzuwa limafika, makamaka pamene anadula mitengo zaka zingapo zapitazo, kuzungulira zitsa kumachita kufiira. Chipeso chija umachilowetsa pansi pa kamtengo n'kukokera mmwamba mofatsa, ukachita mwaukali umazula ndi mizu yomwe ndipo agogo amakuyang'ana diso loipa. Amabereka m'timagulu ngati mphesa ndiye ukapeza malo abwino umangomva kuti wayawaya m'kabokosi.

Mwana anatipusitsa. Anabwera ndi kapu yodzadza akunyada, agogo kutenga kamodzi n'kukaphwanya ndi chala, mkati muli zoyera zouma ngati ufa. Akuti awa si lingon, ndi mjölon, ndipo dzinalo likuchokera ku mawu oti ufa m'chi Sweden. Sakupha koma alibe kukoma kulikonse. Kusiyanitsa kwake umatembenuza tsamba: la lingon kunsi kwake kuli timadontho takuda ndipo m'mphepete limapindikira pansi, la mjölon lili ndi timitsempha ngati ukonde, komanso mjölon amayanga pansi ngati mphasa. Mwana analira pang'ono, tinamupepesa ndi ma blåbär otsalira, tizipatso tina tabuluu ta m'tchire momwemo, anabwerera kunyumba kukamwa kuli bii.

Tapeza malita 7 m'maola atatu. Agogo okha, munthu wa zaka zopitirira 70, anadzadza ndowa yawo ine ndisanafike theka.

Madzulo ndinapeza nkhupakupa kuseri kwa bondo la mwana, inali isanalowe kwambiri, ndinaichotsa ndi kachopanira. Kuno nkhupakupa zimafalitsa matenda a borrelia ndiye ndazungulizapo ndi bolopeni kuti ndione ngati pafiire. Ulendo wina thalauzi mkati mwa sokosi, kukongola tidzakongolera kwina.

Lamulungu, 1 Seputembala

Kusankha. Eish. Palibe amene anandiuza kuti kuthyola ndi masewera, ntchito yeniyeni ndi iyi. Chipeso chimakokera zonse, masamba, singano za paini, tizitsotso, akangaude, nyerere. Agogo anandionetsa njira yawo, amayala thaulo pa thireyi yopendeketsa n'kumakhuthula pang'onopang'ono, zipatso zimagubuduka kutsika pomwe zinyalala zimakanirira pa thaulo. Zimagwira koma zimachedwa, nditapanga lita imodzi ndinatopa nazo.

Kenako maso anagwa pa lichero limene ndinabwera nalo kuchokera kumudzi, lija akunyumba ankandiseka pa bwalo la ndege kuti ukupita nalo kuti. Chifikireni limangokhala pakhoma ngati chokongoletsa. Ndinalitsitsa, kutuluka pakhonde, kamphepo kanalipo kabwino, ndikuyamba kupeta ngati mphale. Abale masamba kumauluka okha, zipatso kumabwerera m'lichero zoyera. Malita 6 otsalawo mphindi 40 basi. Agogo anatuluka pansipo kuyang'ana mmwamba chifukwa masamba amagwera pa maluwa awo, ndinaganiza kuti ndalakwa, koma iwo kukwera masitepe kudzaona, kundiuza kuti ndibwerezenso, kenako kufuna kuyesa. Theka la zipatso linathera pansi kkkk. Kupeta si kwa masiku awiri. Lichero lasanduka lofiira pakati, sindikudziwa ngati lidzayerenso.

Nditayeza pa sikelo zoyerazo zakwana makilogalamu 4 osakwanira pang'ono. Lita imodzi ya ma lingon imalemera pafupifupi magalamu 600.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Poto woyamba, ndipo ndanyozeka.

Sindinafunse munthu, ndinati jamu ndi jamu, ndinaphikapo wa mapapaya ndi wa mapichesi ku Dedza, lamulo lake shuga kulingana ndi zipatso. Ndiye makilogalamu 2 a ma lingon, makilogalamu 2 a shuga, kuwiritsa mpaka supuni iime. Ndinawiritsa mphindi 45, pakati pake foni inalira, mchemwali wanga wa ku Area 25 ndi nkhani za chinkhoswe cha mwana wa malume, pomwe ndimabwerera kukhitchini fungo linali litasintha kale. Pansi pa poto pagwira. Utoto wachoka kufiira kowala kuja wapita kofiirira ngati chiwindi. Nditathira m'mabotolo n'kuzizira chinthu chauma gwaa, supuni kuchita kupindika, ukhoza kudula ndi mpeni ngati sopo.

Ndinatengera agogo botolo limodzi kuti andiuze chalakwika. Analawa kansonga ka mpeni, kukhala chete nthawi yaitali, anthu akuno sanena zoipa msanga, kenako akuti ukhoza kupaka pa buledi. Ndiye kuti zakanika basi. Anandifotokozera kuti ma lingon ali ndi pectin wambiri, chija chimalimbitsa jamu, ndiye safuna kuwiritsa nthawi yaitali, komanso ali ndi asidi wake wachilengedwe, benzoic acid, amene amaletsa nkhungu. Yemweyo amene amafakitale amachita kuthira m'zakumwa kuti zisawonongeke, mu lingon alimo kale. Ndiye shuga yense ndinathirayo poopa kuti jamu angaole ndinangotaya. Makolo awo kale shuga ali wodula ankasunga ma lingon chaka chonse opanda ndi kambewu kamodzi ka shuga.

Mabotolo 6 a sopo wofiira. Mwana akuti ndi wokoma kuposa wa kusukulu, koma uyu angadye ngakhale shuga wosaphika, umboni wake sindiwerengera.

Lachinayi, 5 Seputembala

Lero sindinayatse moto. Agogo andiphunzitsa rårörda lingon, kutanthauza ma lingon otakasa osaphika. Kilogalamu 1 ya zipatso m'mbale yaikulu, shuga madesilita 3, kuno chilichonse amayeza ndi desilita, kakapu kakang'ono kamene makapu 10 amakwana lita. Ndiye umangotakasa ndi mthiko wamtengo, kusiya, kubwerako pakapita theka la ola, kutakasanso, mpaka shuga asungunuke yense osamvekanso kuti tsekeretsekere pansi pa mbale. Ine zinanditengera madzulo onse. Akuti zipatso zikayamba zagona mufiriza zimaphulika msanga ndiye ntchito imachepa, ndidzayesa ulendo wina.

Koma ndiye kusiyana. Utoto wowala ngati magazi a nkhuku yongozinga kumene, zipatso zina zaphwanyika zina zikadali zathunthu zimaphulika mkamwa, kuwawasa kulipo, kutsekemera kukubwera pambuyo. Ndinaima pa sinki ndikudya ndi supuni ngati mwana. Apa ndi pamene ndayamba kumvetsa pang'ono kuti mwina anthuwa sathira shuga mu ndiwo ayi, amathira chowawasa, shugayo ndi wongoperekeza kuti chimezeke. Ife timafinyira ndimu pa chambo chowotcha, timadya mango aawisi ndi mchere ndi tsabola, ndiye kudabwa kwanga kuja mwina kunali kwa jamu wa mushopu uja osati chipatsocho.

Akunyumba atalawa akuti chidede. Ndipo akunena zoona, amene munamwapo madzi a chidede kapena kudya jamu wake, kuwawasa kwake n'kwa mtundu umenewo, kungoti lingon ali ndi kakuwawa kena ka m'tchire kumapeto.

Mabotolo 3 ang'onoang'ono, awa amakhala mufiriji.

Loweruka, 7 Seputembala

Ulendo wachiwiri, kutali pang'ono, mnzawo wa agogo anatitenga pa galimoto kulowera kumtunda cha ku Vindeln. Anatiuza kuti tivale zowala chifukwa kuno kumpoto ulenje wa älg wayamba kale kumayambiriro kwa mwezi uno. Älg ndi chinyama chija chachitali ngati ntchefu koma miyendo kutalika kuposa, nyanga ngati mafosholo. Ndinavala chijekete cha akunyumba chachikasu chokwerera njinga, mutu chipewa chofiira, ndimaoneka ngati wa trafiki. Mfuti tinazimva kawiri chapatali, mtima unadumpha koma agogo osatekeseka n'komwe.

Akunyumba lero anabwera. Njira yonse m'tchire akuimba nyimbo za kwaya mokweza, akuti anawerenga kuti chimbalangondo chikamva mawu a munthu chimathawa. Agogo akuti ndi zoona, koma iwo zaka zonsezi akuthyola sanakumanepo nacho. Sanasiye kuimba.

Chimene chandikhala pamtima lero ndi china. Tikufika pa kamsewu ka m'nkhalango tinapeza minibasi yakale itaima, kumbuyo makreti aunjikana mpaka kudenga, onse ma lingon. Anthu ake ochokera ku Thailand, avala zophimba nkhope yonse kusiya maso chifukwa cha udzudzu, zipeso zawo zazitali zokhala ndi mpini ngati khasu, akukokera ali chiimire. Kwa zaka zambiri ankabwera masauzande chaka chilichonse nyengo ino, ambiri ndi alimi a mpunga kwawo, amalowa m'tchire kusanache kutuluka kutada. Nkhani zawo zimatuluka kawirikawiri m'manyuzi kuno, ena amakongola ndalama ya ndege ndi ya malo ogona, chaka chikavuta zipatso zikachepa amabwerera kwawo ndi ngongole m'malo mwa phindu. Ine ndinakumbuka matenanti a m'maesiteti a fodya. Mayi wina anandikweza dzanja, nane ndinakweza, chilankhulo palibe. Jamu wa mushopu ndimamunyoza uja zipatso zake zambiri zimadutsa m'manja ngati amenewa. Ife ndi tindowa tathu tiwiri tikuti tatopa.

Malita 18 anthu atatu. Msana sukuwongoka. Zala zafiira mpaka m'zikhadabo.

Lamulungu, 8 Seputembala

Kupeta m'mawa tisanapite ku tchalitchi, agogo anasuntha maluwa awo okha osawauza. Masana poto wachitatu, ndipo uyu ndiye walondola, ndilembe bwinobwino.

Kilogalamu 1 ya ma lingon otsuka, madzi madesilita 2, poto wa pansi pokhuthala. Moto wapakati, zikayamba kuwira mumamva tikuphulika kuti thu thu thu ngati mbuliwuli zakutali. Mphindi 10 basi, osapitirira. Kenako kuphula, poto achoke pamoto kaye, ndiye kuthira shuga madesilita 4 pang'onopang'ono uku mukutakasa mpaka asungunuke. Shuga wamba, uja wapadera wa jamu amagulitsa m'mashopu wokhala ndi pectin pano safunika. Pamwamba pamabwera thovu lapinki, mumaliwengula ndi supuni, koma osataya, mwana anadya ndi buledi pomwepo. Kusiya mphindi 15 kuti zipatso zisayandame zonse pamwamba m'botolo, kutakasanso kamodzi, kuthira m'mabotolo otentha. Mabotolo ndinawatsuka n'kuwaika mu ovuni pa madigiri 100 kwa kotala la ola, zivindikiro ndinawiritsa m'madzi.

Akadali wotentha amaoneka wamadzimadzi ndipo dzanja limayabwa kuti ubwezere pamoto. Osatero. Ndi zimene zinandipweteka Lachiwiri. Pofika madzulo anali atagwirana yekha, wofewa, woti ukatunga ndi supuni amatsetsereka mwaulemu.

Ndapanga maulendo anayi, makilogalamu 4, atuluka mabotolo 11 a theka la lita osadzadza kwenikweni. Ulendo wachinayi ndinachepetsa shuga kufika madesilita 3 ndipo ndalemba pa chivindikiro kuti ndidzasiyanitse. Makilogalamu 3 ndaika mufiriza m'timapepala ta pulasitiki, sagwirana, amakhala ngati mikanda, ukhoza kutapa dzanja limodzi n'kubwezera.

Mabotolo atha m'nyumba muno. Ndayamba kuyang'ana botolo lililonse la chiponde ndi diso lina.

Lachitatu, 11 Seputembala

Zotsalazo agogo akuti tipange vattlingon, njira ya makolo awo. Ine ndimadikira zovuta, koma ndi kungothira zipatso zosaphika m'botolo la khosi laling'ono mpaka pafupi kudzadza, kuthira madzi owiritsa ozizira mpaka zimire, kutseka, kukaika pozizira. Basi. Opanda shuga, opanda mchere, opanda moto. Pakapita masiku angapo madzi amatsika ndiye umawonjezera. Akuti tidzatsegula pa Khirisimasi. Ine sindikukhulupirira, chipatso kukhala m'madzi miyezi itatu osaola? Kwathu masuku ukawasiya m'madzi masiku atatu ntchentche zimachita msonkhano. Koma ndapanga mabotolo awiri, ali m'chipinda chathu chosungira katundu pansi pa nyumba.

Kanthu kena kochititsa manyazi. Ku kalasi ya chi Sweden aphunzitsi anafunsa aliyense kuti sabata yatha munatani, ine ndi chi Sweden changa chothyokathyoka ndinafuna kunena kuti kwathu inali sabata ya ma lingon, ndiye ndinalumikiza mawu awiriwo n'kunena kuti lingonvecka. Aphunzitsi kufiira nkhope, kuluma mlomo. Atatuluka anthu anandikokera pambali akuti mawu amenewo kuno amatanthauza kuti mzimayi ali kumwezi. Ndinalengeza pamaso pa azibambo asanu ndi atatu. Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa.

Loweruka, 21 Seputembala

Tsopano kudya. Ndinayamba ndi za eni ake kuti ndione ngati sosi wanga akufika. Köttbullar, timipira ta nyama yogaya tija anthu ambiri amatidziwira ku IKEA, mbatatesi yosinja, msuzi wa kirimu, nkhaka zodula mopyapyala zoviika mu viniga, ndi supuni ya lingon pambali. Pambali, osati kusakaniza, ichi n'chofunika, umatapa pang'ono pa foloko iliyonse. Ndinaitana agogo. Anatapa kawiri, kenako kachitatu, osanena kanthu, ndipo kwa munthu wa kuno kumpoto kumeneko ndiye kuyamikira kwake. Mbale imeneyi ndi ya mafuta ndi kirimu yokhayokha, popanda chowawasacho ukhoza kulephera kuimaliza, lingon ndi amene amatsuka mkamwa kuti ubwererenso.

Iwo anabweza Lachinayi ndi palt, chakudya cha kuno kumpoto, dzina lake lotchuka ndi pitepalt kuchokera ku tawuni ya Piteå. Ndi mibulu ya mbatatesi yaiwisi yopala yosakaniza ndi ufa wa barele, mkati muli nyama ya nkhumba yamchere, yowiritsa m'madzi pafupifupi ola. Umaidula pakati, batala, lingon. Kulemera kwake nsima ya kondowole ichepa. Ndinadya iwiri ndi theka ndikugona pa sofa pawo ngati mlendo wopanda mwambo, akuti osadandaula tulo timeneti tili ndi dzina lake, paltkoma. Blodpudding, ija ya magazi, ndinalawa kamodzi, ndi lingon imamezeka koma sindibwereza, uwende wa kwathu uli ndi ulemu wake.

Loweruka, 5 Okutobala

Tsiku la mayeso enieni. Tinaitana a Malawi anzathu awiri ndi banja lina la ku Chipata, ndinaphika nsima, nkhumba yokazinga, usipa umene unabwera ndi munthu mwezi watha, kabichi, nyemba. Lingon ndinaika pakati pa tebulo m'kambale, uja wa madesilita 3, osanena kanthu.

Achimwene ena anatapa akuyesa tsabola. Nkhope imene anapanga ndikanajambula. Akuti alamu, jamu pa nsima, mwakhalitsa kunja inu. Ndinati yesani ndi nkhumbayo, kachidutswa ka mafuta, kansonga chabe. Anayesa monyinyirika, kutafuna, kukhala chete, kenako akuti aaa komabe ayi. Koma ndinawaona pambuyo pake akutapanso mwakabisira anthu ali pa nkhani za mpira. Mayi a ku Chipata aja ndiye anagwirizana nazo poyera mpaka anapempha botolo, ndawapatsa limodzi la madesilita 4.

Zotsatira zake mwachilungamo: ndi nkhumba zimayenda kwambiri, pamenepo sindikutsutsana ndi munthu. Ndi usipa ayi, ndinayesa ndekha kukhitchini ndipo ndinalavula, kuwawa kwa mitu ya usipa ndi kuwawa kwa lingon zimamenyana mkamwa. Ndi nyemba palibe chimene zikuwonjezera. Ndipo nsima yeniyeniyo isakhudzane naye, mbamu ikangofiira mtima umakana ngakhale lilime lisanalawe, zimenezo ndasiyira mwana. Mawa lake ndinakazinga chiwindi cha ng'ombe ndi anyezi wambiri n'kuikapo supuni ya rårörda, ichi ndiye chaposa zonse, akunyumba amene chiwindi sachikonda anamaliza mbale.

Lamulungu, 20 Okutobala

Kunja kwayamba kuda msanga, m'mawa pa njinga pakumakhala chisanu choyera. Nyengo yothyola yatha, dzulo ndinadutsa ku Nydala ndinapeza ochepa otsalira, ofewa, akuda pang'ono, otsekemera kuposa a mu Ogasiti chifukwa chisanu chawamenya. Ndinangodya pomwepo.

Sopo uja wa poto woyamba ndamupezera ntchito. Ndikumadula kachidutswa, kusungunula m'madzi otentha, kusefa, kumwa ngati juwisi, ndipo kafungo kopserera sikakumveka kwambiri ukafinyiramo ndimu. Wina ndinaika pakati pa mandasi, ana a oyandikana nawo anatha mbale mphindi zisanu. Atsala mabotolo awiri.

Chatsopano ndi klappgröt, a ku Finland amati vispipuuro. Kuno ufa woyera ukasowa ambiri timaphikira nsima semolina, amati mannagryn, ndiye m'nyumba muno sasowa. Ndinawiritsa ma lingon a mufiriza madesilita 3 m'madzi lita imodzi, kusefa makoko, kuthira shuga pang'ono, kenako semolina desilita imodzi ndi theka, kuphika ngati phala la mwana mphindi zingapo. Likazizira umalipuntha ndi makina omenyera mazira mpaka lifufume, limasintha kuchoka kofiira kukhala lapinki lopepuka ngati thovu. Kudya ndi mkaka wozizira. Ndinayesanso ndi mgaiwa kuti ndione, kukoma kulipo koma silifufuma, limangokhala phala lofiira. Phala la mgaiwa lotentha ndi supuni ya lingon pamwamba m'malo mwa shuga, limenelo ndiye lakhala la m'mawa uliwonse.

Botolo limodzi la rårörda ndinalipeza ndi kankhungu pa chivindikiro, osati pa zipatso. Ndikukayikira mwana ndi supuni yonyambita. Ndataya lonse, ndaika lamulo la supuni yoyera.

Lachiwiri, 24 Disembala

Dzuwa masiku ano likutuluka cha m'ma 9 koloko n'kulowa isanakwane 2, maola anayi ndi pang'ono, ndipo silikwera n'komwe limangokwawa kuseri kwa mitengo. Kuno Khirisimasi yeniyeni ndi lero pa 24. Agogo ana awo ali ku Stockholm sanabwere chaka chino ndiye tinawaitana kwathu, anabwera ndi nyama ya nkhumba yawo ija ya Khirisimasi, ife mpunga wa Kilombero umene ndakhala ndikuubisa chifikireni ndi nkhuku.

Titatha kudya ndinatsika kukatenga vattlingon. Ndinatsegulira pa sinki, mphuno kutali, kuyembekezera fungo la mowa wowola. Palibe. Madzi asanduka ofiira owala ngati Sobo, zipatso zatuwa pang'ono koma zathunthu, nkhungu ngakhale kadontho. Kulawa, ukali uja wachepa, zafatsa, kuwawa kwa kumapeto kwatsala pang'ono chabe. Agogo anamenya kirimu, kuwaza shuga pang'ono pamwamba, kutigawira m'timakapu. Madziwo tinathira shuga n'kumwa. Akuti ali mwana ichi ndiye chinali chomalizira cha pa Khirisimasi kwawo, ndipo papita zaka zambiri asanadye chifukwa kupanga wekha n'kudya wekha sizikoma.

Ndinaimbira amayi pa WhatsApp kuwaonetsa botolo. Iwo chidwi chonse pa lichero limene limaoneka kumbuyo kwanga pakhoma, akuti mwana iwe lichero langa lija walitani, wazingirapo mbuzi? Ndinafotokoza zonse, m'tchire, chipeso, kupeta pakhonde. Akuti chabwino, ukamabwera mu Julayi unditengereko botolo limodzi ndidzalawe, koma la shuga wokwanira osati zowawasa zakozo.

Zotsala: ophika mabotolo 5, mwa amenewo awiri ndi a madesilita 3. Rårörda anatha mu Novembala. Mufiriza kilogalamu imodzi ndi theka. Vattlingon botolo limodzi. Sopo botolo limodzi, limenelo ndalemba kale dzina la amayi pa chivindikiro.